Nkhosa za Aneba za pa Pepala

Khala mbali ino, mkazi mnzanga, khutu linalo silimva bwino. Ulembe m'mene ndikuyankhuliramu, usandikonzere mawu ngati ndine mphunzitsi. Ine sukulu ndinkangoiona denga ndili kuphiri ndi mbuzi. Lero ulembe za aneba aja a ku Romford, a khomo logundizana ndi lathu. Iwe nthawi imeneyo unali ku koleji, unkangobwera kudzachapa zovala n'kukokolola za mu filiji, ndiye nkhaniyi unaimva mbali imodzi, ya amayi ako.

Ine kuno ndinabwera kudzalera ang'ono ako, amayi ako atayamba unesi pa chipatala chachikulu chija. M'mawa ndikadzuka ndinkasesa panja, monga munthu. Tsono nyumba za kuno sudziwa pamene pathera bwalo lako, ndiye ndinkangopitiriza mpaka pakhomo pa eni ake. Tsiku lina chitseko chinatseguka, panatuluka nkhalamba yachizungu, yayitali, yowerama, itavala juzi yobooka pachigongono. Anandifunsa ngati andituma ndi a khansolo. Ndimvekere ayi, ndine neba. Anayang'ana tsache, anayang'ana ine, n'kutseka chitseko. M'mawa mwake ndinapeza paketi ya mabisiketi pakhomo pathu. Chinansi chinayamba choncho.

Chingerezi changa ndi cha m'basi ndi kumsika, iwe umachiseka. Koma ndi aneba tinkamvana bwinobwino, chifukwa nawonso makutu anali atayamba kugona, ndiye aliyense ankakuwa, manja akuthandizira. Mkazi analibe, ana analibe. Wachibale anali mmodzi, mwana wa mlongo wawo, amene ankakhala kutali kumpoto. Ntchito akuti ankagwira ya mu ofesi ya masitima mpaka anapuma.

Patapita nthawi anandiitana kuti ndilowe. Masana dzuwa likuswa mtengo, koma m'nyumbamo makatani onse otseka. Ndinalowa mwakachetechete, ndimayesa muli maliro. Anandilozera pasinki kuti ndisambe m'manja, ndi sopo, ndipukute mpaka ziume. Ndinasamba. Ndinakhala patebulo, manja pamwendo, kudikira chakudya. Iwo anakwera m'mwamba, anatsika ndi bokosi lakuda, lophwatalala ngati thireyi.

M'bokosimo munali mapepala. Osati a nyumba kapena a banki, ayi, zithunzi zojambula pamanja, chilichonse chofunditsidwa kapepala kopyapyala ngati mwana wakhanda. Zonse zinali za abusa a nkhosa, zonse za ku France, zakale zedi, agogo a agogo anga asanabadwe. Mabokosi otere anali nawo angapo m'mwambamo. Anthu ena amaweta nkhunda, iwo ankaweta zimenezi.

Chimene ankachikonda kwambiri anachitulutsa pomaliza. Chinali chojambula ndi choko chofiira, kufiira kwa katondo, chomatidwa pa chikatoni cha buluu chokhala ndi mzere wagolide m'mbali. Panali mtsikana atakhala pamwala, wavala diresi lalikulu lokwana anthu atatu, chipewa chili ndi maliboni, mapazi opanda nsapato koma oyera, opanda ndi mng'alu umodzi womwe. Ndodo yake yobusira nayonso anaimanga riboni. Pansi pake mnyamata wagona chammbali, akumuimbira chitoliro. Galu ali mtulo. Nkhosa zili uko kumapeto kwa pepala, palibe akuziyang'ana.

Anandifunsa kuti ndikuchiona bwanji. Ndinawauza kuti kwathu ku Dedza ine ndinabusa mbuzi mpaka ndinatha msinkhu, chifukwa bambo anga anabereka akazi okhaokha. Ukangogona chammbali choncho, mbuzi zili m'munda mwa eni, madzulo mkwapulo. Ndimvekere, awiriwa kwathu sakanagona ndi khungu.

Aneba anaseka mpaka kutsokomola. Amvekere zimenezo akuzidziwa, ndipo wojambulayo ankadziwanso. Ati zithunzizi ankajambulira anthu olemera a m'tauni, amene nkhosa ankakumana nayo pambale pokha. Ankafuna kumudzi kopanda ndowe, kopanda minga, kopanda mvula. Zina ankazikopera pa nsalu zikuluzikulu zokoloweka kukhoma, zina pa makapu a tiyi. Ndinati ndamva. Ndi monga anthu akwathu okhala kuno amene amati akapuma ntchito akakhala kumudzi, koma khasu analigwira komaliza ali mu sitandade thuu. Amayi ako usawauze kuti ndanena.

Kenaka anandipatsa galasi lokulitsira zinthu, n'kundilozera m'munsi mwa pepalalo, m'makona. Munali tizidindo ting'onoting'ono, ngati nsabwe. Kena kakuda kozungulira, kena ngati nyenyezi, kena tizilembo tiwiri togwirana. Ati aliyense amene anasungapo chithunzichi ankadinda chizindikiro chake. Ka kumanzereka kanali ka munthu woyamba, wa ku Paris, ndi amenenso anamata chikatoni cha buluu chija. Atamwalira, katundu wake anamugulitsa pa okushoni. Anagula wina. Ameneyo zinamuvuta nthawi imene anthu a kumeneko anaukira mfumu yawo, olemera n'kumathawa, ndiye chithunzi chinaoloka nyanja kubwera ku England. Kuno chinakhala m'nyumba ya bwana wina wa minda yambiri, m'buku lalikulu, mibadwo ingapo osatsegulidwa. Kenaka dokotala. Kenaka aneba anachipeza ali mnyamata m'kasitolo ka mabuku akale, chili m'mulu. Ndicho chinali choyamba chawo, zina zonse zinabwera pambuyo.

Zimenezo ndinazimva msanga. Mbuzi zathu tinkazitema khutu la kumanja, kamodzi, kunsonga. A malume ankaboola. Mbuzi ikapita kwina, mwini watsopano ankaika chake, koma chakale chinkakhalabe, ndiye munthu ukagwira khutu unkadziwa makola onse amene yagonamo. Ndinawafotokozera aneba ndikudzikoka khutu langali. Amvekere eya, chimodzimodzi.

Ndinafunsa chifukwa chake sachikoloweka pabalaza, alendo aziona. Ati dzuwa limadya pepala. Chinyontho chimadya pepala. Zala zimadya pepala. Ndiye chithunzi chimene ankachikonda kuposa zonse ankachiona mwa apo ndi apo, makatani otseka, n'kuchibwezera mumdima. Nyumba ya mwini.

Chaka chimene kunazizira kwambiri chija, aneba anagwa. Ndinaona ambulasi ndili pawindo la kukhitchini. Anathyoka fupa la m'chiuno. Mawa lake ndinaphika phala, ndinaika mu fulasiki, ndinapita kukawazonda. Ndinawapeza atachepa, munthu wamtali uja akuoneka ngati mtolo wa nkhuni zonyowa. Phala sanalifunse. Anandigwira dzanja, amvekere pamene amagwa anali atatulutsa chithunzi chija, chili patebulo chosavundikira, ndipo m'nyumba simuyatsidwa hita, khoma la pamenepo limalowa madzi. Makiyi ali m'thumba la jekete. Ndikachitenge, ndikasunge kwathu mpaka atatuluka. Anabwereza kawiri: chisanyowe, chisagwidwe, chisaone dzuwa.

Iwe wakulira kuno, mwina sudziwa kulemera kwa chinthu choikizidwa. Munthu akakuikiza mbuzi, yako ikhoza kufa, anthu angoti pepani. Koma ya mwini ikangotsimphina, dzina lako latha m'mudzi monse. Ndinachitenga ndi manja awiri, ndinachikulunga m'chitenje chatsopano chosachapa, n'kulowa nacho kwathu.

Tsono kwathuko unkakudziwa. Ang'ono ako awiri aja, kulikonse kumene adutsa kumatsala juwisi. Wamng'onoyo anali pa msinkhu wolemba pakhoma ndi makrayoni. Chipinda changa chinali chakumbuyo, chija cha chuku pakona, m'mawa mawindo akulira misozi. Ndinachiika pamwamba pa wadiropu, ndinaona denga lili ndi banga. Ndinachiika pansi pa matiresi, ndinakumbukira kuti ndine wonenepa. Ndinachiika mu sutikesi, ndinamva fungo la chinyontho. Nsima sinkatsika.

Ndiye nzeru inabwera. Kwathu ku Dedza pepala lofunika timalimatitsa pulasitiki. Khadi langa la ubatizo n'lomata. Satifiketi ya unesi ya amayi ako ndinakaimatitsa ndekha ku Lilongwe, ndipo chaka chimene denga linasasuka ndi mphepo, zonse m'nyumba zinanyowa, iyo tinangoipukuta ndi nsanza. Pepala lomata silinyowa, zala sizilidetsa, mwana akhoza kulitafuna. Zinthu ziwiri mwa zitatu zimene ananena aneba zinali zitatheka pamenepo. Ndinadabwa kuti munthu wophunzira choncho, wa mu ofesi ya masitima, sanaganizepo. Ndinati mwina ndi umbeta.

Amayi ako anali ku ntchito, ndipo sindinaone chofunsira. Nditaperekeza ana kusukulu ndinakwera basi ya ku Barking, chithunzi chili pamwendo m'chitenje muja. Kumeneko kuli kasitolo ka bambo wina wa ku Zambia, wa ndevu za imvi, timapemphera naye. Amakonza mafoni, amajambula zithunzi za pasipoti, amachita fotokope, makina omatira ali nawonso pakona.

Amvekere, "Amai, mwabwela na chani lelo? Ma pepala ya ku Home, ya visa?"

Ndimvekere, "Ayi bambo, ndi nkhosa za eni. Mundimatire bwinobwino, mbali zonse."

Anayatsa makina kuti ayambe kutentha. Ankanunkha ngati ayironi yoiwalidwa pa malaya. Ndinamasula chitenje. Bambo uja anayang'ana, amvekere, "Aba ba guy ni ba ulesi, ka. Nkhosa zili kuja, beve bali busy na mukazi."

Ndimvekere, "Ndinanena kale zimenezo. Matani."

Anatenga thumba la pulasitiki lija, lalikulu kuposa onse amene anali nawo, anayesa kulowetsa. Chikatoni cha buluu chinatsala kunja mbali ziwiri. Anatembenuza, chimodzimodzi. Anayeza pakamwa pa makina, amvekere, "Iyi siizangena, amai. Ni ikulu, futi ni yo tikama maningi. Koma osadandaula. Nizajuba chabe kuno na kuno, manje izakwana."

Anakoka chimpeni chake chodulira mapepala, chija chokhala ndi mkono ngati cha opha ng'ombe. Anaika chithunzi, anakankha mpaka pamene pakanakwanira. Ndinawerama kuona pamene mpeni ugwere. Unkadutsa m'munsi, pamwamba pa tizidindo tija. Tonse tikanagwera mu bini, ka nyenyezi, ka ku Paris, tonse.

Ndimvekere, "Imani kaye."

Amvekere, "Ni ma doti chabe aya, amai. Picture yonse izasala."

Ndimvekere, "Si madontho. Ndi makutu."

Anandiyang'ana, mkono uli pa mpeni.

Ndinamufunsa ngati kwawo kuli mbuzi. Ati iye ndi wa mu Lusaka, koma kwa ambuye ake ku Katete ziliko. Ndimvekere ndiye mukudziwa munthu amene amadula khutu la mbuzi ya mwini kuti chizindikiro chichoke, dzina lake amati ndani. Anachotsa dzanja pa mpeni. Amvekere, "Amai, ine nine dikoni."

Tinaima choncho, makina akutentha pachabe. Ine mtima unandiwawa, chifukwa ulendo wonse uja unali woti chithunzi chitetezeke, ndipo chinali kubwerera m'mene chinabwerera. Ndinamufunsa ngati kulibe makina aakulu kwina. Ati aliko ku Ilford, koma mwini wake anapita ku maliro kwawo. Mwayi wa aneba unali umenewo, maliro a munthu amene sanamuonepo.

Bambo uja, pofuna kuti ndisapite manja lende, amvekere tichite fotokope ya makala, yochepetsako, timate imeneyo. Anachigoneka chafufumimba pagalasi, kuwala kunadutsa, panatuluka china. Pochotsa, pagalasi panatsala kafumbi kofiira, pang'ono pokha. Anapukuta ndi mkono wa shati. Chatsopanocho chinalowa m'makina, chinatuluka chotentha, chonyezimira, cholimba ngati mbale. Kunena zoona chinkaoneka bwino kuposa chenichenicho. Kufiira kwake kunali kwa moyo.

Amayi ako nditawauza madzulo ake, anakhala pansi pa masitepe, yunifomu ili m'thupi, chikwama chili paphewa. Amvekere, "Amayi, mwati munapita nacho kuti?" Ndinabwereza. Amvekere, "Pa basi?" Ngati kuti choopsa pa nkhani yonseyi chinali basi. Kenaka anati ndisawauze aneba, mtima wawo ndi wofooka. Ndinati chinthu choikizidwa umanena kumene chagona ndi kumene chayenda. Usalembe kuti tinakangana. Lemba kuti tinakambirana.

Ndinapita kuchipatala ndi zonse ziwiri. Ndinasamba m'manja pa kasinki ka mu wodi ndisanauzidwe. Ndinayamba kuwaonetsa chenicheni, kuti aone kuti chilipo, kenaka ndinafotokoza zonse kuyambira pa chuku mpaka pa mpeni. Mawu a makina aja sindinkawadziwa pa Chingerezi, ndiye ndinatulutsa chomatacho n'kuchigogoda pa chitsulo cha bedi.

Aneba anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti makinawo amamata bwanji. Ndinati ndi moto. Anafunsa ngati pulasitikiyo imachoka. Ndinati ayi, ubwino wake ndi umenewo, sichoka mpaka kalekale. Anatseka maso. Kamakina ka pambali pa bedi kanayamba kulira, nesi anabwera, mtsikana wa ku Mzuzu, anawayeza, amvekere, "Agogo, mwawauza chiyani odwala athu?" Ndimvekere tikucheza za ziweto.

Atatsegula maso anafunsa, "Ndiye chinakuletsani n'chiyani?"

Ndimvekere, "Amafuna kudula makutu."

"Chikanakhala kuti chinakwana osadula?"

"Bwenzi pano chikuwala ngati ichi."

Anapempha madzi akumwa. Anamwa pang'onopang'ono, kapu yonse. Kenaka anati ndiwayandikizire chenichenicho, ndisachigwire pakati. Galasi lawo lija linali kunyumba, ndiye anangochiyandikiza kumaso mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda. Anayang'ana m'makona, tizidindo tonse tilipo. Anayang'ana mtsikana, mnyamata, galu. Pa nkhosa anakhalitsa. Amvekere kankhosa kakumapetoka nkhope yake yafufuta pang'ono. Ndinati ndi galasi la fotokope, ndinaliona fumbi lake. Anangogwedeza mutu. Ati pepalali laona zambiri, laonanso Barking.

Apa ndinali nditakonzeka kuti anena kuti ndisiye makiyi pa kabati, chithunzi apatse a ofesi ya chipatala. Ndikanavomera, ndi chawo. Ndinayamba ndi kutulutsa makiyi m'kachikwama. Iwo anakankha dzanja langa. Amvekere ndibwerere nacho, ndikachisunge mpaka mwana wa mlongo wawo atabwera. Koma ndilonjeze zinthu ziwiri: chisakwerenso basi, ndipo nzeru ina iliyonse ikandibwerera, ndiyambe ndawauza iwo. Ndinalonjeza. Kubwerera ndinakwera takisi, koyamba chibwerereni kuno, ine kumbuyo ngati nduna, nkhosa pamwendo.

Anandiuzanso posunga. Ndikatenge bokosi lakuda lija kwawo, ndichiikemo, bokosilo ndiliike m'chipinda cha amayi ako, pa shelefu ya pakati, kutali ndi khoma lakunja. Amayi ako anagona nalo m'chipinda nyengo yonse yozizira, ndipo akuti sankatembenuka.

Kunyumba kwawo aneba sanabwererenso. Mwendo unakana masitepe, ndiye anawapezera malo ku nyumba yosamalira okalamba ku Edmonton. Mwana wa mlongo wawo uja anabwera ndi galimoto, munthu waulemu, wadazi, anatenga mabokosi onse. Langa ndinapereka ndi manja awiri, iye anatsegula, anaona, anathokoza. Zina akuti anagulitsa kuti zilipire kumene amakhalako. Koma cha nkhosa chija aneba anakana kugulitsa, anachipereka ku nyumba ina yaikulu m'tauni muno yosungira zithunzi. Akuti kumeneko anadindanso kachidindo kawo, kumbuyo, n'kuchiika m'bokosi lina. Ukafuna kuchiona umayamba wapempha, n'kukupatsa tsiku. Ine sindinapiteko. Ndinachiona mokwanira, chinandisowetsa tulo.

Chomata chija aneba anapita nacho ku Edmonton. Sindinawapatse, anangochitenga pa bedi paja n'kuika pansi pa pilo, ine osafunsa. Ndinkapita kukawaona Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Chipinda chawo chinali ndi windo lalikulu, makatani otsegula, chifukwa kumeneko amatsegula ndi antchito, safunsa. Chithunzi chinkakhala pa katebulo ka matayala ka pambali pa bedi, padzuwa, pakati pa mankhwala ndi rimoti. Ankachigwira ndi zala za batala. Ankachionetsa aliyense wolowa, ndi wokolopa yemwe, n'kumafotokoza za munthu wa ku Paris ndi dokotala uja, chala chili pa tizidindo.

Tsiku lina ndili pomwepo, mtsikana wogawa tiyi anasowa poika kapu, anaika pamwamba pa chithunzicho, pankhope pa mbusa. Tiyi anatayikira. Mtsikana anayamba kupepesa, akufunafuna tishu. Aneba ananyamula kapu, anapendeketsa chithunzi, tiyi anatsetserekera m'sosala, anapukuta ndi mkono wa juzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, amvekere bambo wa ku Barking uja ntchito amaidziwa.

Ndinakamuuza bamboyo Lamulungu linalo. Amvekere akafuna zina abwere nazo, azawachitira bwino.